Kabokosi Kopanda Maso

Kalata ya ntchito itafika kuchokera ku Joni, sindinachedwe kuganiza. Pa Likoma ndikanatani nawo maphunziro angawa? Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma uziimba."

Ntchito yanga inali ya kabokosi kamene timaika m'katundu wa chombo chopita mumlengalenga. Kalibe maso. Kamangomva kuti chombo chakhota chonchi, chathamanga chonchi, n'kumawerengera pamene chafika. Kakaphonya pang'ono, kuphonyako kumanka kukula. Ndiye chombo chili m'mwamba, ife pansi timalamula kamera kuti ipeze nyenyezi yodziwika, n'kuwongolera kabokosiko pamenepo. Ukachedwa, katundu yense amayang'ana kolakwika, ntchito n'kupita m'madzi.

Linafika tsiku limene chombo chathu chinauluka. Nyenyezi osapezeka! Bwana ali kumbuyo kwanga, kupumira m'khosi mwangamu. Titayesa kachitatu inapezeka, manambala n'kukhazikika. Anzanga anakuwa, ine ndinakasanza.

Ndinalibe wosangalala naye kumeneko, choncho ndinatumiza chithunzi kwa amayi. Anayankha ndi uthenga wa mawu pafoni: "Wanenepatu, mwanawe." Pachithunzipo panalibe ine, panali kompyuta yokha. Kodi amayi akuona bwinobwino? Ndinaimbira mlongo wanga Esinati.

"Ali bwino, achimwene, musadandaule."

Ndalama ndinkatumiza, koma nkhawa sinandichokenso.

Kenaka ndinapempha tchuthi n'kubwerera ku Likoma. Nditatsika sitima padoko la Chipyela, amayi anali atabwera okha kudzandichingamira, ndodo m'manja. Anandipapasa kumaso. Maso awo anali atayera mbuu.

"Ndikanakuuza ukanasiya ntchito," anatero.

Popita kwathu ku Yofu anatsogola ndi iwo, milomo ikugwedezeka. Ndinaona kuti akuwerenga mapazi. Atafika pamwala wina anaugogoda ndi ndodo, n'kukhota, n'kuyambanso kuwerenga. Abale, ndinachita mantha. Njinga itatulukira ndinawakokera kumbali, ndipo sindinawasiyenso mkono. Ndinayenda nawo choncho pakamwa osatseka, za madokotala a ku Joni, za opaleshoni, za pasipoti.

Mwadzidzidzi anaima.

"Iwe, wandisokoneza. Ndinali pa angati?" Anafufuza ndi ndodo, sanagunde kanthu. "Chabwino, wamaso ndiwe. Tili pati?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Nyumba zamalata zimene sindinazionepo, mipanda yatsopano, tinjira titatu.

"Amayi, sindikudziwa."

Tinaima pomwepo padzuwa, kudikira wodutsa woti atilozere kwathu.