Maluwa a chipepeso

Amuna anga atagwidwa ndi nkhani ya mkazi wa ku komboni ya Ngungu, ankhoswe anakhala pakhonde pathu ku Makululu, komboni yathu kuno ku Kabwe, tsiku lonse. Mkaziyo ankagulitsa mowa, ndipo Kabwe yense ankadziwa kupatula ine mwini nyumba. Ankhoswe anati mwamuna akalakwa amapepesa ndi nkhuku, monga ankachitira makolo athu kwawo ku Malawi asanabwere kudzagwira ntchito pa mgodi. Koma bambo a ana anga, ndi nzeru zawo zoonera pa kanema, anabwera ndi maluwa a rozi ofiira, ogula m'tauni, okulungidwa m'pulasitiki. Nkhuku tikanadya ndi ana. Nanga maluwa ndiwatani ine?

Mtima unandiwira. Ndinauza ankhoswe kuti ndalandira, koma bambowa azigona pabalaza mpaka maluwawo atafota. Akafota abwerere kuchipinda, ndipo nkhaniyo sindidzaitchulanso. Onse anaseka n'kuvomera. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akutentha ngati chiwaya. Ndinaona amuna anga akumwetulira chapansipansi, poganiza kuti pofika mawa zatha.

Anaiwala kuti ndisanakwatiwe ndinagwirapo ntchito m'nyumba ya mayi wina wa kumayadi amene ankakonda maluwa kuposa ana ake. Ndinatsuka botolo lalikulu la mayonezi ndi madzi otentha. Masamba onse a m'munsi ndinathothola, chifukwa tsamba likamira limaola n'kuwononga madzi. Mapesi ndinadula mopendeketsa ndi lezala latsopano, n'kuthira kashuga pang'ono ndi kadontho ka mankhwala oyeretsera zovala. M'mawa uliwonse madzi atsopano, mapesi kudulanso pang'ono, botolo kuliika pakona yozizira pafupi ndi mtsuko. Nthochi ndi tomato zimene ndimagulitsa ndinazisamutsira kwa aneba, poti zipatso zakupsa zimafotetsa maluwa msanga. Ngakhale mwana wodwala sindinamusamalepo chotero.

Sabata inatha maluwa ali psuu. Ndinkasangalala, sindibisa, kuona bambo aja akudzuka pa simenti atagwira msana, udzudzu utawalemba nkhope yonse. Ndinkawapatsa moni waulemu, chogwada, n'kuika botolo patebulo, pamaso pawo penipeni, iwo akumwa tiyi. Amve kuwawa kumene ndinamva ine. Duwa lina likaweramitsa mutu, ndinkalimiza lonse m'beseni la madzi ozizira mpaka litadzuka.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kudandaula kwawo kunatha. Sanapitenso kwa ankhoswe kuti adzandinyengerere. Ankatuluka m'mamawa ine ndisanatsegule chitseko cha kuchipinda, ati kuntchito kwachuluka zochita. Mayi wogulitsa makala pa sitesheni ndiye anandiuza, mondimvera chisoni, kuti masiku onsewa amawaona akukwera minibasi ya ku Ngungu, pomwe ntchito yawo ili m'tauni. Pabalaza paja chitseko chakunja chili pafupi, ndipo palibe wofunsa.

Ndinabwerera kunyumba nthawi yomweyo. Linali Loweruka masana, ndipo ndinawapeza atakhala pampando, botolo pakati pa miyendo, akudula mapesi ndi lezala langa, mopendeketsa, monga ankandionera. Madzi anali atasintha kale. Ndinawafunsa chimene ankachita.

"Ndikukuthandizani, mayi a ana," anatero osandiyang'ana. "Ndi okongola. Asafe msanga."

Abale inu, ine kudzuka m'mawa kukaima pamzere wa pampopi, kumati ndikulanga munthu, chonsecho ndikumutsegulira njira. Uchitsiru wanga unandipweteka kuposa chimasomaso chawo. Sindinakalipe. Ndinalowa kuchipinda, ndinalonga zovala zawo zonse m'thumba la ufa, nsapato pamwamba, n'kutumiza uthenga kwa ankhoswe kuti abwere adzaone ndi maso awo. Ndinadikira dala mpaka aneba atadzaza kumpanda. Apo ndinawapatsa bambo aja thumba kudzanja lina, botolo kudzanja lina, madzi ali momwemo.

"Pitani nawo ku Ngungu," ndinatero. "Kuwasamala mwadziwa. Afote, asafote, chitseko ichi sichidzakutsegukiraninso."

Ankhoswe anayesa kulankhula koma ndinawaletsa ndi diso. Bambo aja anadutsa Makululu yense masana dzuwa lili pamutu, bambo wamkulu atakumbatira botolo la maluwa, madzi akutayikira pa thalauza, amayi a pamsika akufunsana kuti ukwati uli kuti. Ine ndinaima pakhomo osaphethira mpaka atakhota pakona.