Mzere wa Choko Pamsana pa Atelala

Alamu anga, amuna awo a akulu anga, akhala akuyeza anthu kwa zaka makumi atatu. Ndi atelala. Munthu akangolowa pakhomo la shopu, iwo amakhala atadziwa kale kukula kwa chiuno chake, tepi amangoitenga kuti kasitomala asadandaule. Ine ndimasita zovala zimene asoka, ndipo tsiku silidutsa tisanakangane. Koma chaka chino woyezedwa ndi iwowo, woyeza ndine.

Zinayamba Lachiwiri lina akupalasa makina osokera. Anati phazi lachita dzanzi, ife n'kuwaseka kuti ndi ukalamba. Pofika masana miyendo yonse inali ngati ya munthu wina, mkodzo nawo unakana kutuluka. Kuchipatala anagonako milungu isanu ndi iwiri. Adokotala anati mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa fupa la msana unatupa. Chimene chinautupitsa sanachipeze.

Anatuluka akuyenda ndi ndodo, tinathokoza. Koma matendawo posamuka anasiya katundu wina. Mapazi amawotcha ngati aponda phulusa lamoto, chonsecho ukawakhudza ndi ozizira. M'chiuno amamva lamba wothina amene palibe angamumasule. Chimbudzi chikawaitana sichidikira, moti mpando wawo tinausunthira pafupi ndi khomo lakuseri. Ndipo kuyambira pakati pa msana kutsika m'munsi khungu silimva bwino, pini imangomveka ngati chala.

Powatulutsa, adokotala ananena mawu amene ndimalakalaka akanangowameza: "Mwina zitha, mwina zikhala choncho, mwinanso zibwerera. Dzanzilo likayamba kukwera, muthamangire kuno."

Kumuuza telala zimenezo! Basitu m'mawa uliwonse, tisanatsegule shopu, amavula malaya n'kundipatsa msana. Akulu anga anaikana ntchitoyi, akuti sangathe kubaya amuna awo. Ine ndimabaya pang'onopang'ono ndi pini, kuchokera m'chiuno kukwera, mpaka iwo atanena kuti, "Apo!" Pamenepo ndimalemba mzere ndi choko, n'kuyeza kuchokera pafupa la kuseri kwa khosi, monga timayezera jekete. Mainchesi khumi ndi anayi. Nambalayo ikachepa ndiye kuti dzanzi lakwera.

Pashelefu yapamwamba panali nsalu yoyera ya diresi laukwati la mwana wawo woyamba. Mwanayo anakana telala wina aliyense, akuti asoke ndi bambo ake basi. Bambo akewo anakana kudula.

"Ndidule, kenako ndigwe ntchito ili pakati, mwana wanga akavale zidutswa?" ankatero. "Mzerewu ukakhala malo amodzi masiku makumi atatu, ndidula."

Koma mzere wake wosamva. Lero khumi ndi anayi, mawa watsika ndi theka, mkuja wakwera ndi theka. Ukangosuntha, kuwerenga masiku kumayambiranso. Kamodzi kokha anafika pa masiku asanu ndi anayi. Masana ankangozungulira tebulo, ndodo go go go, kutsitsa nsalu ija, kuisisita, kuibwezera. Akakhala pansi, kuimirira. Ankandinena kuti ndikubaya mwaulesi, mwina choko changa n'chonenepa. Ndinkawayankha kuti akalembe waganyu wina, aone ngati alipo wofuna kuyamba tsiku ndi msana wa nkhalamba. Ntchito imene ankalandira ndi ya zigamba ndi mazipi yokha, maso ali paphazi, poti chopondera cha makina sachimva.

Tsiku lina ndinapeza khumi ndi atatu ndendende. Ndinayeza kachiwiri, chimodzimodzi. Bodza linafika pakamwa, ndisabise, koma ndinachita mantha. Tinatseka shopu, ulendo wa kuchipatala. Adokotala anawagogoda maondo, kuwayendetsa uku ndi uku, n'kunena kuti sakuona chachilendo. Akuti mzere wotere umasuntha ndi kutentha, kutopa, ngakhale nkhawa imene.

"Ndiye kuti sizibwereranso?" anafunsa alamu.

"Zimenezo sindingalonjeze, bambo."

Tinauyamba ulendo wobwerera. Tinapeza mwana uja akutidikira pakhomo la shopu, ukwati utatsala milungu itatu. Atamva nkhani yonse sanalire. Anangoti, "Musadandaule, ababa, ndikabwereka diresi la mnzanga." Ananena mwaulemu, koma ine zinandibaya kuposa pini.

Kupsa mtima kwanga aliyense amakudziwa. Ndinakwera pampando, kutsitsa nsalu, kuiyala patebulo, n'kutenga sizasi yaikulu ija imene salola munthu kuikhudza. Ndinadula. Mokhota, mwadala, utali wa chikhatho.

"Alamu! Mwapenga kodi? Amadula choncho?"

"Ndiye bwerani mudule nokha. Apo ayi ndipitiriza."

Ndodo inagwa pansi, ndipo mmene anafikira patebulo sindikudziwa. Anandilanda sizasi akundinena mawu oti sindingawalembe pano. Anaitembenuza nsalu kuti bala langa ligwere mbali yotaya, anamuimika mwana wawo chilili, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Anadula mpaka dzuwa kupendeka, akupumira pampando, kawiri konse kuthamangira kukhomo lakuseri. Ine ndinali pambali, kudzimva kuti ndine katswiri.

Kunyadako kunatha pamene ndinkasonkhanitsa zidutswa kuti ndizisite. Kuseri kwa chidutswa chilichonse anali atalemba ndi choko mopepuka: kutsogolo, kumbuyo, mkono wamanja, msoko uyambire apa. Zaka zonsezi sindinawaonepo akulemba mawu pansalu, zonse amasunga m'mutu. M'mphepete namo anasiya malo a msoko aakulu kuposa masiku onse.

"Izi mwalembera ndani?" ndinafunsa.

"Amene adzamalize, ngati sindine," anatero osandiyang'ana. "Asadzavutike. Komanso asadzanditukwane."

Ndinalira, simbi ili m'manja, ndipo iwo ananamizira kuti akufufuza ulusi m'dirowa.

M'mawa mwake ndinawapeza atavula kale malaya, msana uli kwa ine, mkono wa diresi uli pamakina.

"Bayani msanga, alamu," anatero. "Ntchito ikudikira."