Nsungwi Imene Inatsala m'Chumuni

Inali cha m'ma 9 koloko m'mawa, a Tomekichi atagwada kale kuseri kwa mbaula yathu, paipi ataizula, akusuzumira m'bowo la chumuni. Ine ndinali nditabereka kumsana Michiyo, mwana wanga wakhanda. Sabata yonseyo mwanayu ankangogona, osalirira bere, ndipo ine mutu unkandiwawa ndikangoyatsa malasha. N'chifukwa chake ndinawaitana.

A Tomekichi kale anali a mumgodi ngati amuna anga a Genzo. Fumbi litawadya mapapo anatuluka, n'kuyamba kusesa machumuni m'nyumba za kampani zogundizanazi. Ankayenda ndi nsungwi zong'alula atazipinda ngati nkhata paphewa, maburashi ali m'thumba. Mwaye sunkachoka m'makwinya a nkhope yawo, ngakhale atangotuluka kumene kosamba. Sankathamangira kusankha burashi. Ankayamba apisa dzanja m'bowo n'kusisita, maso atatsinzina.

"Mayi a Michiyo, muno munalowa waya. Ndani?"

"Ndi abambo ake. Anabwereka burashi yawaya ndi ndodo yachitsulo kuntchito. Amati tisakuvutitseni."

"Eee, chisoni chake chimenecho! Akabwera muwauze amete mwanayu ndi khasu." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Mapaipi am'katimu ndi adothi, akalekale. Amafuna luzi la kanjedza, lofewa. Ndipo chitsulo n'chogontha, mayi. Nsungwi ikakhudza mng'alu imauza dzanja."

Anamanga burashi yaluzi kunsonga n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono. Nsungwi inakwera bwinobwino, kenako anaima.

"Yakhota," anatero. "Chumuni sichikhota."

Anakankhanso. Phokoso la kukanda linamveka, koma osati pamwamba pathu. Linkachokera kuseri kwa khoma, m'nyumba ya a Nagasaka. Nyumbayo yakhala yokhoma chiyambire dzinja lathali, pamene banja lonse linapezeka lili m'zofunda, osadzukanso, mbaula ikadali yofunda. Chumuni chathu ndi chawo n'chimodzi kunja, m'kati anangogawa ndi mapaipi awiri.

"Waya uja anaboola," a Tomekichi anatero motsitsa mawu. "Utsi wanu ukumalowa kwawo. Paipi yawoyo kumwamba ndinaitseka ndine atawaika m'manda. Ndiye ukasowa potulukira umabwerera, n'kudutsa m'ming'alu ya khomali. Mwanayu mumamugoneka pati?"

Ndinaloza pakhoma pomwepo, pamene pamafunda.

Anayamba kukoka nsungwi kuti aitulutse. Inabwera pang'ono, n'kukana. Anaipotokola, anaigwedeza, anaikankha kuti imasuke, koma ayi. Atapumira, manja ali pamaondo, ndinaona ndi maso angawa nsungwiyo ikulowa yokha m'bowo, kutalika ngati chala.

"Yakodwa pa dothi losweka eti, agogo?" ndinafunsa.

"Mwina."

"Nanga yalowa bwanji?"

"Nsungwi imadziwongola, mayi. Ndi khalidwe lake." Koma sanandiyang'ane, ndipo sanaigwirenso. Munthu amene ankatola ngakhale kaluzi kogwa pansi anangomanga thumba lake, burashi yake yabwino n'kuisiya mommo.

Michiyo anadzuka kumsana kwanga n'kulira, kulira kwenikweni kumene sindinakumve sabata yathunthu. Zitseko zinali zotsegula chiyambire m'mawa, mphepo yonunkhira chipale chofewa ikulowa. Ndinamuyamwitsa chiimire pakhomo.

A Tomekichi anavala nsapato, n'kutembenuka.

"Muli ndi abale pafupi?"

"Achemwali anga, kumunsi kwa njanji."

"Pitani naye kumeneko lero lomwe. A Genzo akatuluka mumgodi abwera atazizidwa, afuna moto. Muwadikire pachipata, muwagwire mkono, asalowe muno. Ine ndikapeza mmisiri wa njerwa." Anayang'ana nsonga ya nsungwi imene inatulukira kuseri kwa mbaula. "Ndipo ndapota nanu, mayi, mukabwera kudzatenga matewera, imeneyo musaikoke. Ngakhale muipeze ikugwedera, ingoisiyani."