Anawamba Ng'oma ya Eni

Ine ndinakulira ku Limbe, ndipo za amwenye ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha: kuti savina. Mmwenye amene ndinkamudziwa ankakhala kuseri kwa kauntala, kuyeza nsalu ndi kukalipira antchito. Ndiye titasamukira ku South Bend n'kupeza kuti nyumba yoyandikana nafe ndi ya banja lochokera ku Punjab, ndinati zikomo Ambuye, apa tizigona tulo tabwino.

Ndinadzinamiza. Loweruka lina masana, nditangobwera kuntchito kuchipatala, mawindo a nyumba yathu anayamba kunjenjemera. Ndinayesa ndi galimoto za anyamata zija zokhala ndi masipika m'buti. Kusuzumira pampanda, ndinaona madala a pakhomopo, ndevu zoyera mbee mpaka pachifuwa, nduwira kumutu, atakoleka m'khosi chimng'oma chonga mgolo. Ankachiomba mbali zonse ziwiri: uku ndi ndodo yonenepa yokhota, uku ndi kamtengo kowonda ngati kachikwapu. Ana ndi zidzukulu anali kudumpha pakapinga, manja m'mwamba, mapewa akugwedezeka, mwendo umodzi ukukankha mphepo. Pakati pawo panali amuna anga, atavala masilipasi.

Amuna anga ndi a ku Dowa, ndipo kwawo anali oimba ng'oma ya mganda. Kuno amakonza makompyuta pa yunivesite, koma manja awo sanamvebe kuti tinasamuka. Amaomba chiwongolero, amaomba tebulo, amaomba ngakhale Baibulo langa ndikalisiya pafupi. Tsiku limenelo anabwera kunyumba maso ali gwa, ngati mwana amene wakwera ndege koyamba.

"Mayi, mwaimva? Ng'oma ija amati dhol. Gule uja amati bhangra. Ndafika kwathu!"

Dzinalo linandisangalatsa, moti tsiku lina ndinafunsa mayi a pakhomopo kuti limatanthauza chiyani. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti ena amati linachokera ku dzina la chomera china cha kwawo, bhang, chimene kwathu timati chamba. Madala anamva ali pakhonde. Anakuwa kuti zimenezo n'zonena anthu opanda chochita, bhangra ndi gule wa alimi, wovina tirigu akacha, munthu ukaona kuti chaka chino ana sagona ndi njala. Ine ndinasankha kukhulupirira za tirigu, ndipo amayi a mvano kutchalitchi ndinawauza za tirigu zokha.

Kuphunzira kwake kunandichititsa manyazi okoma. Ife a Malawi ng'oma ikalira imatsikira m'chiuno, palibe amene amaiuza. Ndiye ine ndikati ndivine, chiuno chija chimayamba chokha, mayi aja n'kumaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Ankandigwira mapewa n'kumati kuno, kuno, m'mwamba! Ndinkabwerera kunyumba mapewa akuwawa ngati ndasenza matumba a chimanga, koma Loweruka likamayandikira ndinkasinthana ntchito ndi anzanga kuti ndisaphonye.

Kenako mzime wa madala aja anapeza mbeta ku Indianapolis, ukwati n'kuikidwa mu Novembala. Kwa anzathuwa mkwati salowa mwakachetechete. Abale ake amamuperekeza akuvina bhangra mpaka pakhomo pa kachisi pamene akuchikazi akudikira, ndipo ng'oma ndiyo imatsogolera. Madala anatiuza kuti bambo awo anawaimbira ng'oma imeneyi pa ukwati wawo, iwonso anaimbira ana awo onse aakulu. Msana unali utayamba kuwavuta, ndipo adokotala anali atawaletsa kunyamula zolemera. Anati, "Ndimuimbira uyu, basi ndipumule." Ana anafuna kulemba ganyu woimba wachinyamata, madala anakana kwamtuwagalu.

Galimoto zawo zinadzaza ndi masutikesi, mabokosi a maswiti ndi azakhali, ndiye ng'oma anaipereka kwa ife. Amuna anga anailandira ndi manja awiri, anaifunditsa bulangete langa labwino, n'kuigoneka kumbuyo. Msewu wonse wopita kumwera, kudutsa minda ya chimanga yokololedwa kale, ankangoyang'ana pagalasi.

"Mukudrayiva kapena mukulera?" ndinawafunsa titadutsa Kokomo.

"Inu simudziwa ulemu umene atipatsa," anatero.

Tinakagona kwa achemwali anga ku Beech Grove. Tinacheza, tinadya, tinaseka za kwathu, ndipo palibe amene anakumbukira kuti ng'oma yatsala m'galimoto panja. Kutacha, kapinga anali woyera ndi chisanu. Amuna anga anatuluka atavala kale suti, anakaitenga, anaigogoda ndi chala mbali yaikulu ija. Inangoti bu, ngati munthu wamenya pilo.

"Yazizidwa," anatero. "Ifunika kuwamba."

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa zimenezi. Ng'oma ikazizira chikopa chimafooka, ndiye umasonkha moto wa udzu, n'kuiyandikiza, n'kumaigogoda mpaka mawu abwerere. Palibe gule amene amayamba kwathu popanda kamoto kameneka pambali. Ndiye atatulutsa mbaula yootchera nyama ya alamu anga n'kuyatsamo manyuzipepala kuseri kwa galaja, sindinaone chachilendo. Ndinaima pazenera ndikumanga duku, ndikuwanyadira kumene. Ndinauza achemwali kuti taonani, madala aja lero adziwa kuti ng'oma anaipereka kwa katswiri.

Mbali yaikulu, ya chikopa cha mbuzi, inamvera. Ndinaimva ndili m'nyumba ikudzuka, du, du, duu, mpaka mbale zinalira m'kabati. Amuna anga anatembenuka n'kundikwezera chala chachikulu. Kenako anaitembenuza kuti awambe mbali yaing'ono, ya kamtengo kowonda kaja.

Fungo ndi limene linandifikira poyamba, fungo la jumbo ikagwera pamoto. Ndinathamanga wopanda nsapato. Ndinawapeza ataima chilili, ng'oma ili m'manja, mbali ija itakwinyika, pakati pali chibowo choti nkhonya n'kulowa. Sichinali chikopa ayi. Inali pulasitiki yoyera, imene masiku ano amakungira mbali yaing'ono ya ng'oma zimenezi kuti izilira mokweza. Miyezi yonse ija ankaiona ikuombedwa, koma sanaganizepo kuti padziko pali munthu amene angakunge ng'oma ndi pulasitiki.

Ndinapsa mtima, ndisaname. "Bambo inu! Ng'oma ya eni! Simukanatha kungowakola pafoni n'kufunsa?"

Anatembenukira kwa ine. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo nkhope yotero, ndipo mkwiyo wanga unathera pomwepo. Achemwali anayamba kuimbira masitolo a zoimbira, koma ena anali asanatsegule, ndipo amene anayankha sankadziwa n'komwe kuti dhol n'chiyani. Alamu anati tinene kuti yaphulika yokha ndi kuzizira. Amuna anga anapukusa mutu. Anati madzi akatayika saoleka, tiyeni tikanene.

Tinafika pabwalo loimika galimoto la kachisi anthu atasonkhana kale. Maso anga anali asanaonepo mitundu yotero pamalo amodzi: nduwira zapinki, zachikasu, zofiira, amayi atavala zonyezimira pansi pa majekete a chisanu, mkwati ali m'galimoto yokutidwa ndi maluwa. Kutsidya, pakhomo pa kachisi, akuchikazi anali ataima mwaulemu. Madala anatiwona, nkhope inawala, anatambasula manja kuti alandire ng'oma yawo.

Amuna anga anagwada. Pa simenti yozizira, ndi suti yawo yabwino, anagwada monga tichitira kwathu ukalakwira munthu wamkulu, n'kuvundukula bulangete. Inenso ndinagwada pambali pawo. Anzathuwa sanazolowere kugwadiridwa chotero, ndipo ndinamva azakhali ena akufunsana ngati tadwala.

"Bambo, ndalakwa. Inazizira, ndinaiwamba pamoto monga tichitira kwathu. Sindinadziwe kuti mbali iyi si chikopa."

Madala analowetsa zala pachibowo paja. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoyang'ana kugalimoto kumene kunali mwana wawo, maso atadzaza misozi. Mwana wawo wamkulu anabwera msanga n'kunena kuti palibe vuto, ali ndi sipika m'galimoto, aika nyimbo za pafoni. Ine mumtima ndinati basi, tawalanda madala chinthu chimene sitingathe kubweza, ndipo ku South Bend tizikazemberana pampanda mpaka imfa.

Sipika ikutulutsidwa, madala anatola ndodo yokhota ija, mwina pofuna kungotsanzika. Anamenya kamodzi mbali ya chikopa.

Duu!

Galimoto ina inayamba kulira alamu. Madala anadzidzimuka, anamenyanso. Anayang'ana amuna anga, amene anali chigwadire.

"Mbali iyinso unaiika pamoto?"

"Eya, bambo."

"Chibwerere kuno sinalirepo chonchi." Kenako nkhope inauma ngati ya mphunzitsi. "Koma bhangra siyenda ndi mwendo umodzi. Mbali inayi waipha ndiwe. Dzuka, ukhale mbali imeneyo."

Analankhula mawu angapo m'chinenero chawo, ndipo mayi oyandikana nawo nyumba aja anathamangira kukhitchini ya kachisi, zibangili zikulira, n'kubwera ndi thireyi yachitsulo yodyera. Madala anaikankhira m'manja mwa amuna anga pamodzi ndi kamtengo kowonda kaja. Ana awo anawakoleka madalawo ng'oma m'khosi.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Manja a amuna anga anathawira ku mganda, ndipo anthu amene anali atakweza kale manja anawatsitsa, osadziwa poponda. Madala anawaponda phazi, n'kuyamba kuwaimbira kamvekedwe kake ndi pakamwa, ndevu zikugwedezeka pafupi ndi khutu lawo. Anayesanso, anaphonya. Anayesanso. Kenako, sindidziwa kuti zinachitika bwanji, thireyi ija inalowa m'mipata ya ng'oma ngati inabadwira momwemo. Tang'-ta-tang', duu! Tang'-ta-tang', duu!

Bwalo lonse linaphulika. Anyamata anakuwa, anadumpha, ena kunjuta pansi n'kudzuka miyendo ili m'mwamba. Azakhali aja anataya majekete. Mkwati, amene amayenera kukhala m'galimoto mwaulemu wake, anatsegula chitseko n'kulowa m'bwalo, mikanda imene anamuveka kumaso ikuuluka. Ine ndinali ndikadali chigwadire! Mayi aja anandikoka dzanja, ndipo ndinavina. Mapewa anavina, chiuno nachonso chinavina, panalibe wondiletsa. Nthungululu inatuluka yokha pakamwa panga, yaitali, ya ku Limbe yeniyeni, ndipo amayi a ku Punjab anatembenuka n'kundikuwira kuti ndibwereze. Ndinabwereza mpaka mawu anasasa. Chisanu chonse chija, ine thukuta linali kamukamu.

Kuchokera pamene tinayambira kukafika pakhomo pa kachisi ndi pafupi, munthu n'kuponya mwala. Koma gululo linkayenda pang'ono n'kuima, kuvina, kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso. Patsogolo panali anthu awiri, phewa ndi phewa: wina wa nduwira ndi ng'oma yobooka, wina wa suti yonyowa m'mawondo ndi thireyi ya kukhitchini. Ndinaona madala akuwerama pang'onopang'ono, msana ukuwakana, ndipo mwana wamkulu anayandikira kuti awalandire. Anamukankha ndi chigongono. Amuna anga anaona zimenezo, ndipo osasiya kuomba, anasendera n'kulowetsa ntchafu yawo pansi pa ng'oma kuti kulemera kwina kukhale pa iwo. Anayenda chotero, motsimphina ngati anthu omangidwa mwendo umodzi, mpaka pakhomo.

Pamenepo madala anakweza ndodo, anamenya komaliza, ng'oma n'kukhala chete. Mkwati anawerama n'kugwira mapazi a bambo ake, iwo n'kumuika dzanja pamutu. Ankapuma movutika, misozi ikutsikira m'ndevu, koma ankaseka.

Akuchikazi atayamba kulonjerana ndi akuchimuna, ife tinabwerera m'mbuyo monga alendo. Amuna anga anayamba kufotokozera mwana wamkulu uja kuti akakunga okha mbali inayo, akafuna chikopa chabwino kumafamu kumene timagula mbuzi, akalipira chilichonse. Madala anamva. Anavula lamba wa ng'oma m'khosi mwawo, ndipo m'malo mopatsa mwana wawo, anaukoleka m'khosi mwa amuna anga.

"Ukaikunge ndi chikopa," anatero. "Ine ndamaliza. Koma zidzukulu zanga zidzakwatira, ndipo ana angawa amangodziwa sipika."

Amuna anga anangoikumbatira ng'omayo. Ndinachita kuwayankhira ndine.