Zithunzi za Bambo Zimene Ndinafufuta

Kamera ija ndinaigula kwa mtsikana wina wa ku yunivesite amene ankagulitsa katundu wake atalemba mayeso omaliza: ketulo, matiresi, ndi kakamera kasiliva kokwana m'thumba la siketi. Nthawi imeneyo ku Luwinga aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankaumba njerwa n'kumanga zipinda zoti ana a sukulu azichita lendi. Bambo anga nawonso anamanga zitatu pamene malemu mayi ankadzala mpiru. Bambo anali telala, anachoka ku Zomba asanakwatire, ndipo zaka zonse zimene anakhala ku Mzuzu Chitumbuka chawo chinathera pa "yewo". Ine ndinkagwira ntchito m'kashopu ka fotokope pafupi ndi geti la yunivesite.

Kamerayo ndinagulira bambowo. Anali atayamba kudwala, thupi likutha pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Alubamu yathu inavunda chaka china denga litadontha, masamba onse n'kumatirana, nkhope ya mayi n'kupita momwemo. Choncho sindinganame kuti sindinkadziwa kuwawa kwake. Ndinkadziwa bwino lomwe.

Kabuku ka malangizo kanalibe, ndiye ndinaphunzira ndi chala. Zithunzi zanga zoyamba zinali za mapazi, za denga, ndi za chala changa chomwecho chitatseka diso la kamera. Ndinkadina batani n'kutsitsa dzanja nthawi yomweyo, osadziwa kuti iyo imayamba yaganiza kaye. Ndikamuimika munthu dzuwa lili kumbuyo kwake, ankatuluka ali bii ngati chitsa chopserera. Mabatire otchipa a pamsika ankatha ndisanajambule anthu asanu. Koma batani limodzi ndinalidziwa tsiku loyamba lomwelo, lija lojambulidwa kabini ka zinyalala. Ukalakwitsa, ungodina, cholakwacho chapita. Ndinalikonda kwambiri batani limenelo.

Bambo ankasokera pakhonde. Ndikawajambula ankaimitsa makina, kukweza magalasi n'kutambasula dzanja.

"Tandionetsa."

Ankayang'ana kagalasi ka kumbuyo kwa kamera nthawi yaitali.

"Ameneyu ndiye ndani? Khosi ngati la nkhuku yonyowa. Fufuta, mwanawe."

"Bambo, mukuoneka bwinotu."

"Usandinamize. Ine ndasokera anthu masuti moyo wanga wonse, ndiye adzukulu adzandione ndili m'juzi yobooka pachigongono? Dikira ndinenepe kaye."

Ndinkafufuta. Mwana woleredwa bwino ngati ine sakangana ndi bambo ake pakhonde alendi akumva. Kale kunkabwera wojambula wa panjinga, akujambule lero, chithunzi akupatse pakatha masabata awiri. Kaya watsinzina, kaya wapinda pakamwa, unkalandira n'kusunga. Kamera yangayi inkapatsa munthu wodwala mpata wodziona n'kudzikana. Mwa njira imeneyi ndinafufuta bambo anga kangapo konse, iwo akuuza, ine ndikudina.

Chimodzi ndinabisa. Linali Lamlungu masana, mlendi wina atawaseketsa ndi nkhani ya buluku lake long'ambika. Bambo anaseka mpaka kugwira pamimba, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo ine ndinadina osawauza. Chinatuluka bwino mwangozi. Anali oonda, inde, koma anali iwowo, ndi mpata wa dzino lawo lakumbali. Sindinawaonetse.

Vuto linali kadi yosungira zithunzi. Inali yaing'ono, ndipo kuti ukhuthule unkayenera kukwera minibasi kupita m'tauni, ku situdiyo, akakutsukire zithunzizo. Ine ndinkangoti Loweruka likubwerali. Pamenepo ana a sukulu anali atadziwa kuti pakhomo pali kamera. "Sisi, tijambuleniko." Wina wagula nsapato, wina waluka tsitsi, wina akufuna chotumiza kwa chibwenzi ku Karonga. Kunena zoona ndinkadzimva. Munthu wongokhalira kupanga fotokope mabuku a anzake, mwadzidzidzi ophunzira akundiimirira mowongoka, ine n'kumawauza kuti sunthirani uku.

Tsiku lolandira madigiri, mlendi wathu wina, mtsikana wa ku Rumphi, anabwera ndi abale ake onse pakhomo pathu. Anadzaza bwalo, azimayi atavala zitenje zofanana, nthungululu zikumveka mpaka kumsewu. Ine ndinali pakati ndi kamera yanga. Ndinamujambula ndi mayi ake, ndi azakhali, ndi ana, gauni ikuvalidwa mosinthana. Kenako kamera inakana. Pakagalasi panabwera mawu ofiira onena kuti kadi yadzaza.

"Sisi, chonde chomene, fufutaniko zakale," anatero mtsikanayo, atandigwira mkono. "Adada achokera kutali, tajambulitsa kamodzi kokha, nakonso atsinzina."

Bambo akewo anali ataima kale pafupi, munthu wamkulu wa jekete lalikulu, chipewa chili m'manja, akudikira.

Ndinayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinafufuta mphaka, ndinafufuta maluwa a kutchalitchi. Zotsalazo zinali za ana a sukulu, zimene eni ake ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti nditsuka liti. Kenako ndinafika pa bambo anga akuseka. Chimenecho panalibe wodzandifunsa, poti panalibe wodziwa kuti chilipo. Ndinatembenuka kuyang'ana pakhonde. Anali pomwepo, makina akulira, akupinda siketi ya munthu. Mumtima ndinati ali pompano awa, ndiwajambulanso mawa. Kamera inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ngakhale kachitsulo kaja kanali ndi nzeru yondifunsa kawiri. Ndinavomera, n'kujambula mwana wa eni ake atakumbatira bambo ake.

Mawa lake kunagwa mvula tsiku lonse, bambo sanatuluke m'bulangete. Sabata yotsatira tinali kuchipatala. Tsiku lina ndinaika kamera m'chikwama popita ndi phala, koma nditawaona mmene analili, machubu ali m'mphuno, sindinaitulutse. Mwezi usanathe anatisiya.

Pamaliro panabwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, kuchokera ku Zomba. Akuluakulu a mpingo atapempha chithunzi choti chiikidwe pabokosi ndi papologalamu, azakhali anatembenukira kwa ine pamaso pa azimayi onse a m'siwa.

"Si iwe tinamva kuti uli ndi kamera? Tapita ukatenge."

"Palibe, azakhali."

"Palibe bwanji? Nanga miyezi yonseyi unkajambula chiyani, mitengo?"

Mayi wina woyandikana nafe anayesa kundilanditsa. "Musiyeni mwana, mama, walira chomene." Koma azakhali sanalakwe, ndipo n'chimene chinandipweteka. Bokosi linatuluka ndi nkhata zokha. Papologalamu anaikapo mtanda.

Maliro atatha ndinapita nayo kadi ija ku situdiyo. Ndinafunsa bambo wa pakompyuta ngati chofufutidwa chimabwerera. Anandifunsa ngati ndinajambulanso zina pambuyo pake, ndipo nditavomera anangopukusa mutu. Ndinamuuza kuti atsuke zonse. Anandipatsa envulopu yonenepa, yodzaza ndi anthu oseka, ovala bwino, amene ambiri a iwo anali atasamuka kale osatsanzika. Mtsikana wa ku Rumphi uja anatuma mnzake kudzatenga zake. Uthenga wake unali wakuti zithunzi zatuluka bwino, yewo.

Chimodzi sindinapereke. Ndi chija cha iye ndi bambo ake. Chifukwa cha kusadziwa kwanga ndinawaika pambali m'malo mwa pakati, ndiye kumanzere kunalowa chidutswa cha khonde lathu. M'ngodya mwenimweni muli gudumu la makina osokera, ndipo pagudumupo pali dzanja, losaoneka bwino chifukwa linkayenda. Mkono wa juzi ukuoneka pang'ono. Bambo anga onse amene ndinatsala nawo ndi amenewo.

Ndinachiika m'felemu, chili pabalaza mpaka lero. Alendo amaganiza kuti ndi m'bale wathu amene anaphunzira, ndipo amandiyamikira. Mwana wanga wamkazi atafika msinkhu wofunsa mafunso, ndinamunyamula n'kumulozera m'ngodya muja, n'kumuuza kuti agogo ake ndi amenewo. Anayang'anitsitsa, kenako anasuntha chala chake n'kuchiika pa anthu awiri akumwetulira aja.

"Nanga awa ndi ndani athu?"

"Si athu," ndinamuyankha. "Mtsikanayo ankangokhala nawo pano."