Kasinja amene Che Jafali anasankha

Fungo la mtovu wosungunuka likandipeza, ngakhale lero, ndimaona Che Jafali atakhala pa chitini pakhomo la kachipinda kawo ku Alexandra, komboni ya kudziko la eni kumene ndinakulira, pulaimasi ya munthu wina ili pakati pa miyendo, utsi wa malasha utaphimba mayadi onse, iwo akupemerera pang'onopang'ono pachitsulo chowotcherera. Anali Myao wa ku Mangochi, mtchona wakale, ndipo chipinda chawo chinagundana ndi chathu. Ntchito yawo inali kumata mapoto ndi kukonza mapulaimasi. Sankayankhulayankhula. Pa yadi yonse tinkangodziwa kuti anamenya nawo nkhondo ku Burma ali mnyamata.

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, amayi anabwera ndi makhadi kuchokera kunyumba ya azungu kumene ankachapa. Mwana wa m'nyumbamo anali atatopa nawo. Khadi lililonse linali ndi chithunzi cha kasinja wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo m'munsi analemba liwiro lake, kukula kwa mzinga ndi kuchindikala kwa chitsulo. Ine ndi anzanga awiri, Sipho ndi Lameki, tinkasewera pamthunzi wa khoma la Che Jafali. Wotola Tiger wa Ajeremani ankadya anzake onse. T-34 wa ku Russia tinkamulemekeza chifukwa cha liwiro, Sherman tinkati ndi wapakatikati. Koma panali mmodzi wa Amereka, dzina lake Grant, wamtali ngati kabati, mzinga uli pambali. Ameneyo ukamutola unkadziwiratu kuti waluza.

Tsiku lina Che Jafali anapempha makhadiwo. Anawayala pa sefa yakale nayamba kuwayang'ana limodzilimodzi, manambala osawalabadira konse, chala chawo chakuda ndi mwaye chikungoyenda pazithunzi. Za Tiger anati sanamuonepo, koma chinthu cholemera chotero chikatitimira m'matope a ku Burma, ndani angachizule? Za akasinja a Ajapani anati chitsulo chake chinali chopyapyala moti ankawamvera chisoni anyamata a m'katimo, ngakhale anali adani. T-34 anamuyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti anthu onsewo amatulukira pati. Pomaliza anakankhira Grant patsogolo panga.

"Wabwino ndi uyu. Taona, ali ndi zitseko m'mbali."

Sipho anagwa chagada ndi phwete, akuti madala asankha wachabechabe. Che Jafali anangomwetulira n'kubwerera ku poto wawo. Kuyambira pamenepo, nthawi zonse ndikadutsa ankandiitana kuti tione makhadi aja, ndipo ankawerenga zitseko basi: za pamwamba, za pansi, zazikulu bwanji, munthu wovulala mwendo angathe kukwawa n'kutuluka kapena ayi. Ine zinkanditopetsa. Ndinkafuna andiuze za kuwomba.

Kusukulu mphunzitsi wina anatiuza kuti asilikali akuda a kwathu sankapatsidwa akasinja. Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, ndinapeza mpata. Anzanga ali pomwepo, amayi awiri akuchapa pampopi, ndinawauza Che Jafali mokweza kuti asiye kutinamiza, iwo kasinja sanamuyendetsepo, kunkhondoko ankangosenza katundu wa azungu. Anthu anaseka. Lameki anawachitira sailuti.

Che Jafali anaika chitsulo chowotcherera pansi bwinobwino, kuti chisapse china chilichonse.

"Wanena zoona, mwanangu, sindinayendetsepo. Ine ndinkalowamo moto ukazima. Khala pansi ndikuuze."

Sindinakhale. Sipho anali atayamba kale kulowera kubwalo la mpira, ndipo ndinatola makhadi anga n'kumutsatira. Ndili pamsewu mawu aja anandilowa, ndipo ndinachita manyazi aakulu, koma manyaziwo m'malo mondibweza kwa iwo anandithawitsa. Ndinayamba kutulukira kuseri, kudzera kuzimbudzi. Kawiri konse anandiitana dzina, ine n'kuyankha kuti andituma.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho chifuwa chinawagwira, ndipo achibale awo a ku Mayfair, dera lina la mumzindamo, anasonkherana n'kuwalipirira ulendo wa ku Mangochi. Ananyamuka ndili kusukulu. Patapita miyezi tinamva kuti anamwalira.

Bambo anga ndi amene anandiuza zochepa zimene ankadziwa. Gulu la Che Jafali linkatumidwa kukatulutsa mitembo mwa akasinja opsa. Ambiri ankawapeza ataunjikana pansi pa chitseko chimodzi. Iwo, monga Msilamu, ankayesetsa kusambitsa aliyense asanaikidwe, kaya mzungu kaya Mmwenye, madzi akapezeka. Bambo anati izi anazimva kamodzi kokha, m'mawu ochepa, ndipo atafunsa zambiri mkuluyo anati adzafotokozera mwana uja wa makhadi, poti ndiye amakonda za akasinja.

Mkazi wanga atamwalira ndi pamene ndinadziwa kuti munthu amatha kusunga nkhani zaka zambiri, akuyang'anayang'ana woti amuuze, ndipo akamusankha sakhalanso ndi wina. Ndimawatchula Che Jafali m'mapemphero anga, ngakhale tinkapembedza mosiyana. Zimene anafuna kundiuza tsiku lija palibe amene akuzidziwa. Masiku ano nkhalamba ikandigwira mkono pakhomo la tchalitchi n'kuyamba nkhani, ndimakhala pansi n'kumvetsera, basi ya kwathu n'kumandisiya.