Ndinakana utsi, nyumba ya eni inagwa

Ndinagwetsa nyumba ya munthu osaikhudza ndi nkhwangwa. Inu owerenga, musandiseke, ingomvani.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha ndinachoka kwathu ku Dowa ndi makina anga osokera, nkukafika ku Kande, m'mphepete mwa nyanja. Ndinali telala, koma mutu wanga unkakhala m'mitambo. Phazi likupalasa makina, ine ndinkaona sitolo yanga yamalata, ya khonde lalitali, ndi anthu akutsika sitima kudzandipimitsa masuti.

Nyumba ndinaipeza kwa mayi wina, aNyaManda. Inali ya amuna awo, amene anapita ku Joni mwana wawo womaliza ali kumsana, ndipo nthawi imeneyo mwanayo anali atayamba kale kuponya ukonde. Anthu ankati bamboyo ndi mtchona, sadzabweranso. Mayiwo ankakana. Iwo ankagona m'kanyumba kakuseri, yaikuluyo nkumaisunga kuti mwini wake adzaipeze ili chiimire.

Tinapangana bwinobwino. Iwo azimweta udzu ndi kufolera chaka ndi chaka, ine ndiziwasokera zovala za pabanja. Kenaka anandilozera kudenga nati, “Ada, chimodzi chokha. Muzisonkha moto m'nyumba muno. Denga limadya utsi. Mukaona kalikonse mundiuze.” Ndinati yewo, ama.

Koma ha! Telala ndi utsi? Nsalu zoyera za amayi a kutchalitchi zizinunkha ngati usipa wowamba? Ndinayamba kuphikira panja. Mumtima ndinkati denga ndi la mwini nyumba, ine ndine mlendo chabe.

M'mawa uliwonse kadzuwa kankalowera pazenera, ndipo m'kuwalako munkatsika kafumbi kosalala ngati ufa wa kondowole, pang'onopang'ono, nkudzatera pamakina. Kunena zoona, ndinkakakonda. Ndinkasiya kusoka nkumakayang'ana, kenaka nkuyang'ana kunyanja kumene nkhungu inkakwera ngati utsi, maganizo ali kusitolo yanga ija. Ndinkangokauzira kafumbiko. Sindinafunse kuti kakuchokera kuti. Kani tizilombo tinali kudya mapaso a denga mkati.

ANyaManda ankakwera pamwamba ndi ana awo, kufolera udzu watsopano. Kunja nyumba inkaoneka ngati mkwatibwi. Mkati sankalowa, poti ankandilemekeza. Akandifunsa ngati zonse zili bwino, ndinkati palibe vuto, poopa kuti akalowa aona denga loyera lopanda mwaye. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Chaka chachitatu mvula ya kunyanja ija inagwa osapuma, udzu nkulemera. Lamulungu lina tili m'tchalitchi, mtanda waukulu wa denga la nyumba ija unathyoka pakati. Pobwera tinapeza denga lakhala pansi, makoma awiri atagwa nalo. Makina anga anapulumuka pakona. Tangoganizani, chopulumuka chinali changa.

Mayi aja sanakalipe. Anatola chidutswa cha phaso, nkuchifinya, chinangosanduka ufa m'manja mwawo. Anachinunkhiza. Munalibe fungo la utsi. Anandiyang'ana nati, “Mitengo iyi anadula yekha mwamuna wanga.”

Ndinagwada, ndinalonjeza kumanga ina yoposa pamenepo. Anapukusa mutu. Ina ikanakhala nyumba yanga, osati ya uja amene ankamudikira. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupita kugombe sitima ikalira.

Patapita masabata angapo anabwera pansi pa mtengo wa mango pamene ndinkasokera. Mutu anali atameta. Anaika nsalu yakuda ya biriwita pamakina anga, nati ndiwasokere ya maliro. Panalibe uthenga uliwonse wochokera ku Joni. Ndine ndinawauza kuti amuna awo anamwalira, osatsegula pakamwa. Ndinasoka misozi ikugwera pansalu, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Inu amene mukukhala m'nyumba za eni, mwini nyumba amaona kunja, inu ndi amene mumagona mukuyang'ana denga. Mbali yanu ichiteni, ngakhale ioneke yopepuka bwanji. Chimene simungathe kukonza, kanenereni lero lomwe, musachite manyazi. Nanunso eni nyumba, pemphani kulowa, muone ndi maso anu. Simudziwa chimene mnzanu anasungira m'makoma amene inu mukungoti ndi pogona.

Sitolo yamalata ndinadzaimanga ndithu. Koma kadzuwa kakalowa m'mawa, ine ndimatseka zenera.